Kilo ndi Theka

Ili ndi Lachiwiri lachinayi butchala yanga osatsegula.
Minibasi ya ku Chawama yanditula m'tauni,
kotsalako ndaponda wapansi,
maluwa a jakaranda akumata kunsi kwa nsapato.
Mlonda wa pakhoti lalikulu wandizolowera,
sapisanso dzanja m'chikwama changa.

Lero ndi tsiku la dokotala wong'amba mitembo.
Tayi yobiriwira, mawu ozizira
ngati owerenga mita ya madzi.
Womasulira akumtsata pambuyo, kutola limodzilimodzi:
mwamuna wa zaka makumi anayi ndi ziwiri,
chipsera chakale pa bondo lakumanzere.
Chipsera chimenecho ndinadinda ndine, ndi khasu, ku Katete,
tikulimbirana mbewa imodzi.
Palibe wandifunsa.

Chiwindi, kilo ndi theka.
Mtima, magalamu mazana atatu ndi makumi awiri.
Mapapo odzaza thovu.
Manja angawa amadziwa kilo ndi theka osayang'ana sikelo,
ndipo ali pamiyendopa ayamba okha kulemedwa.
Achimwene a Yobe,
inu amene munkanyamula matumba awiri a simenti mukuimba mluzu,
mtima wanu wonse sukufika
pa kanyama kamene amagula Amake Dailesi mwezi ukakhala pakati.

Masana alowa mayi wa ku labu, Dokotala Nakazwe,
magalasi ali pa chingwe.
Dzina la mankhwalawo n'lalitali ngati sitima ya katundu.
Womasulira wapunthwa kawiri, wagonja,
wangoti: aja opopera matimati.
Anawapeza m'mimba, m'magazi,
ndi m'matsenjerero a munkoyo pansi pa kapu.
Akuti amatulutsa dovu ndi thukuta,
amafinya mwana wa diso mpaka atsale kansonga ka singano.
Ndinaziona usiku uja ku UTH.
Ine ndinkayesa mukundiyang'anira patali.

Loya wa mlamu wadzuka, wakoka mkanjo wake paphewa.
Kabotolo ka magazi kanagona kuti masabata asanu?
M'filiji.
Mwezi umenewo magetsi ankazima maola angati?
Cholembera cha woweruza chaima.
Nanga siginecha iyi, yangati phazi la nkhuku, ndi ya yani?
Kenaka watsitsa mawu, ngati wonyengerera mwana:
kodi magazi angakuuzeni dzanja limene linathira?
Ayi, atero mayiwo.
Magazi amanena chimene chinalowa.
Wotsegula chitseko samutchula.
Ndiye munthu atha kuthira yekha?
Atha.

Atha.
Liwu limenelo landikhala pakhosi ngati kafupa.
Lachisanu lija foni yanga inalira katatu,
ine manja ali m'matumbo a ng'ombe, kasitomala pamzere.
Ndinati: ndi za ngongole zija, ndiwaimbira mawa.
Zimenezi sizili m'faelo ya munthu aliyense.

M'kabokosi muja muli Tikambenji, mlamu wanga,
amene anandiluka tsitsi pa ukwati wanga mpaka tambala woyamba,
amene anthu atatu alumbira kuti anamumva akukuwa
kuti tsiku lina adzakuonetsani.
Waonda. Chitenje chamzungulira kawiri.
Miyezi khumi ndi inayi ndamuda bwinobwino,
chidani chokwana, chopanda fupa,
ndipo lero wina waika chala pa sikelo yanga.
Watembenuka. Ndayang'ana fani ya kudenga
imene sizungulira.

Mlandu waimitsidwa mpaka pa seveni mwezi wamawa,
wapolisi amene ananyamula kabotolo ali ku maliro ku Mongu.
Tonse taimirira, tawerama.
Kalaliki wamanga achimwene ndi kachingwe kofiira,
wawapanira kukhwapa pamodzi ndi mafaelo ena.

Mawa nditsegula sikisi koloko.
Ndipukuta sikelo, ndiibweza pa ziro.
Wina adzabwera ndithu, ndalama ili m'manja,
adzati: mayi, chiwindi chilipo?
Ndidzati chatha,
chili pompo pambale, akuchiona.